Liwu la Agogo Lidalowera pa Kabowo ka Buluu

Mlakatuli wa Chichewa ali ndi owerenga ochepa, koma omvera ndiye miyandamiyanda. Aliyense amene adayesapo kugulitsa kabuku ka ndakatulo mu msika wa Limbe kapena pa depoti ya mabasi ku Lilongwe akhoza kundichitira umboni. Munthu amatenga kabukuko, kukatembenuza uku ndi uku, kufunsa mtengo, kenaka n'kukabweza mwaulemu ati abweranso mawa. Koma munthu yemweyo akamva ndakatulo yomweyo ikulakatulidwa pa wailesi amaima nayo mbamu ya nsima m'manja, ndipo m'mawa mwake mumupeza akubwereza mizere ina m'minibasi ngati adalemba ndiye. Ife kuno mawu timawakhulupirira akamachokera pakamwa. N'chifukwa chake nkhani ya makina ojambulira mawu ndi yathunso ife olemba, ngakhale ambiri timaisiyira amisiri a zamagetsi.

Akuluakulu amene adayamba ntchitoyi ife tisanabadwe amasimba kuti kale khomo lidali limodzi. Kuyambira 1964 wailesi ya MBC ndiyo idali yokhayo m'dziko muno, ndipo woimba kapena mlakatuli wofuna kuti liwu lake lipyole malire a mudzi wa kwawo ankayenera kukagogoda kumeneko. Pamwamba pake padali bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Amene ankalankhula zosakomera akuluakulu ankadziwa njira ya ku Mikuyu, kumene Jack Mapanje adakhalako kuchokera 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa, pakamwa padatseguka. Makaseti adasefukira m'misika, situdiyo ya Paul Banda ku Balaka idatulutsa oimba ambiri, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera mawailesi oima paokha. Koma khomo lina lidatsalabe chitsekere, la ndalama. Situdiyo imalipiritsa pa ola, ndipo mlakatuli wodya za ganyu ngati ine akalowamo maso amakhala pa wotchi m'malo mokhala pa pepala.

Chimene chidagwetsa khomo lachiwirili ndi kachipangizo kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, kotchedwa sound card. Ambiri aife tidakagwiritsapo ntchito osadziwa kuti kali ndi dzina. Mukayang'ana kumbuyo kwa kompyuta ya patebulo mupeza timabowo titatu tozungulira, kapinki, ka buluu ndi kobiriwira. Kuseri kwa timabowo timeneti ndiko kumakhala kachipangizoko. Makompyuta oyambirira a IBM a m'ma 1980 ankangolira ngati kamwana kankhuku, kunalibe zoimba kapena zolankhula. M'chaka cha 1987 kampani ya ku Canada yotchedwa AdLib idatulutsa khadi yotha kuimba timanyimbo, koma kujambula siinkatha. Mu 1989 kampani ya Creative ya ku Singapore, imene adayambitsa ndi Sim Wong Hoo, idatulutsa Sound Blaster, yomwe inkatha kumva mawu a munthu n'kuwasunga. Pofika 1992 kudabwera Sound Blaster 16, yojambula mawu pa muyeso wofanana ndi wa CD. Kuyambira pamenepo situdiyo idayamba ulendo wochoka m'nyumba zikuluzikulu kulowa m'zipinda zogona. Masiku ano opanga makompyuta amangomatiratu kachipangizoka pa bolodi lalikulu la m'kati, ndipo amene ali ndi kangachepe amagula kabokosi kapadera kolumikiza pa USB, koma ntchito yake ndi yomweyo.

Nanga ntchitoyo ndi yotani? Tayerekezani kuti munthu waima pa mlatho wa Shire ku Liwonde, ndodo yoyezera ili m'manja, kope lili pambali. Funde likakwera iye n'kulemba nambala, likatsika n'kulembanso. Akamalemba kamodzi pa ola, kope lake silinganene zambiri za mafundewo, koma akamalemba pafupipafupi, wina wodzawerenga kopelo akhoza kujambula funde lililonse m'mene lidayendera. Mawu nawonso ndi mafunde a mpweya. Maikolofoni imawasandutsa mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, ndipo sound card imayeza mphamvuyo ka 44,100 pa sekondi imodzi n'kulemba manambalawo m'kompyuta. Nambala imeneyi siidangogwa kumwamba ayi. Khutu la wachinyamata limamva kunjenjemera kofika pafupifupi 20,000 pa sekondi, ndipo masamu ake amati uyenera kuyeza koposa kawiri kunjenjemera kumene ukufuna kukola. Ndodo yoyezera nayo ili ndi timizere take. Khadi zakale za mabiti 8 zidali ndi timizere 256 tokha, n'chifukwa chake mawu ake ankamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini. Za mabiti 16 zili ndi timizere 65,536. Mtengo wake ndi malo: mphindi imodzi ya mawu a mbali ziwiri imadya pafupifupi mamegabaiti 10. M'zaka za m'ma 1990 chimenecho chidali chuma, pamene lero foni ya mwana wa sukulu imasunga maola ambirimbiri osadandaula.

Yanga kompyuta ndidaigula mu 2015 kwa mkulu wina wogulitsa katundu wakale wa m'maofesi ku Limbe, ndi ndalama za nkhani zitatu zimene nyuzipepala ina idandilipira patatha miyezi isanu. Lidali bokosi lalikulu ngati sutikesi ya munthu wochokera ku Joni. Mnzanga wokonza makompyuta adandiikiramo Sound Blaster yakale imene adaizula mu inzake yakufa, nandipatsanso pulogalamu ya Audacity. Pulogalamuyi ndi yaulere. Adaiyamba ndi Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, ndipo idatuluka koyamba m'chaka cha 2000. Anzathu amene adayamba kale amakumbukira Sound Recorder ya Windows zakale, yomwe inkakudula pakamwa akangokwana masekondi 60, ndi Cool Edit, imene kampani ya Adobe idagula mu 2003 n'kuitcha Audition. Ine ndidapeza njira italambulidwa kale.

Chimene sichidalambulidwe ndi chipinda. Nyumba ya lendi ku Ndirande siidamangidwe ndi munthu woganiza za ndakatulo. Denga la malata limakuuzani za dontho lililonse la mvula. Masana kuli chigayo, oitanira minibasi, ana a neba ndi wailesi ya neba. Usiku kuli agalu, ndipo ikangokwana folo koloko m'bandakucha tambala amatenga ulamuliro. Mpata wa mlakatuli uli pakati pa wanu koloko ndi fili koloko usiku, ngati magetsi alipo. Ena amakhoma mathireyi a mazira ku khoma poganiza kuti atsekereza phokoso, koma phokoso la kunja limadutsa ngati palibe kanthu. Chimene chimathandiza ndi matiresi oimika ku khoma ndi bulangeti lokhuthala lofunda kumutu pamodzi ndi maikolofoni, kuti mawu asagunde zipupa n'kubwerera. Sokosi yopyapyala ya amayi yokungidwa pa waya wopinda imaletsa mpweya wa “p” ndi “ph” kuwomba maikolofoni ngati chibakera, ndipo inu mukudziwa kuchuluka kwa “ph” m'chinenero chathu. Palinso kulira kwina kwapansipansi, kosaleka, kumene kumalowa m'zojambula ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Amenewo ndi magetsi a m'khoma, omwe kuno kwathu amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Waya wamfupi wokutidwa bwino, woyenda kutali ndi nthambo za magetsi, amachepetsa vutoli. Wokhala ndi laputopu angozula chaja n'kujambula ndi batire.

Lamulo lalikulu ndi la muyeso. Pa sikirini pamakhala kamzere kovina kosonyeza kukula kwa mawu. Kakagunda kumapeto n'kufiira, ndiye kuti chikho chadzaza ndipo zotsala zatayikira pansi. Nsonga za mafunde zimadulidwa, mawu amang'ambika, ndipo palibe pulogalamu ingawabwezere bwinobwino mwakale. Mawu ochepa mukhoza kuwakweza pambuyo pake, ong'ambika ayi. Mlakatuli wozolowera kukuwa pa msonkhano amaphunzira kudzichepetsa pamenepa.

Ndipo kunena zoona, mkonzi woopsa kuposa onse amene ndidakumana nawo ndi maikolofoni. Pepala limabisa zambiri. Mzere umene umaoneka wokongola utalembedwa, ukaumva ndi makutu ako umazindikira kuti mpweya ukuthera pakati, kuti mawu awiri akupunthana, kuti mwambi waulowetsa mokakamiza ngati phazi lalikulu mu nsapato yobwereka. Alakatuli onga a Benedicto Wokomaatani Malunga adatisonyeza kalekale kuti ndakatulo ya Chichewa imayenda ndi mpweya wa wolakatula. Tsoka lake n'lakuti makina omwewa abweretsanso ulesi. Anzathu ena amathira kiyibodi yolira maliro pansi pa ndakatulo iliyonse, n'kuwonjezera mawu obwerera ngati munthu ali m'phanga, kuti womvera asazindikire kuti m'katimo mulibe kanthu. Ndiwo zopanda mchere sizikoma chifukwa cha mbale.

Koma ntchito yaikulu imene kompyuta ija idandigwirira siikhudza ndakatulo zanga. M'chaka cha 1996, pa holide ya Ogasiti, bambo anga amene adali mphunzitsi wa pulayimale adatenga wailesi yawo ya kaseti ndi mabatire asanu ndi limodzi kupita nazo kumudzi ku Ntcheu. Kumeneko adajambula mayi awo, agogo anga, pa kaseti imodzi ya mphindi 90. Agogo adatisiya mu 2001, bambo mu 2012. Kasetiyo idakhala m'thiranki ya mayi anga pamodzi ndi masatifiketi ndi zithunzi za ukwati, mpaka mu 2017 pamene adandipatsa nati, “Iwe ndiwe wa zamawayawaya, taona ngati muli kanthu.”

Kaseti ndi chinthu chofooka. Kampani ya Philips idaitulutsa mu 1963, motsogozedwa ndi Lou Ottens, ndipo m'kati mwake muli kalamba kopyapyala kopakidwa fumbi la maginito, koyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Kutentha, chinyezi ndi nkhungu zimakadya pang'onopang'ono. Choncho musanaiike m'wailesi, thyolani timano tiwiri ta pamwamba kuti chala chikaphonya n'kudina batani lofiira musafufute zonse. Zungulizani kalambako ndi cholembera cha Bic kuchokera koyamba mpaka kumapeto kuti muone ngati kadamatirira. Pukutani mutu wa wailesi ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti, ndipo yambani mwayesa kaseti ina yopanda ntchito, chifukwa wailesi yakale ikakwiya imatafuna. Mukatero tengani waya wochokera pa wailesi n'kuulowetsa pa kabowo ka buluu. Kapinki ndi ka maikolofoni, kamene kamayembekezera mphamvu yochepetsetsa n'kuikuza kwambiri. Mukakapatsa mphamvu ya wailesi mawu amang'ambika. Kobiriwira ndi kotulutsira mawu ku masipika. Pambali pa mutu wa wailesi pali kasikuluwu kakang'ono; mukakapotoza pang'ono kaseti ikulira, mumva mawu akuyera ngati mwachotsa thonje m'makutu.

Njira yachidule palibe. Kaseti ya mphindi 90 imafuna mphindi 90, ndipo iwe uyenera kukhala pomwepo n'kumvera. Ndidamva agogo akutchula mayina a makolo awo mmodzimmodzi ndi midzi imene adadutsamo. Ndidamva misi itatu ikusinthana mu mtondo umodzi, azimayi akuimba za mwamuna wopita ku migodi osatumiza kalata. Ndidamva nthano ya kalulu, ndi gulu la ana loyankha kuti “tili tonse”, ndipo pakati pa anawo padali kamawu kamodzi kofulumira kuyankha anzake asanayambe. Mayi anga adati kameneko ndine, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Chakumapeto kwa mbali yachiwiri kudachitika zachilendo. Liwu la agogo lidayamba kukwera ndi kuthamanga mpaka kumveka ngati la kamtsikana. Chifukwa chake n'chosavuta: tsiku lojambula lija mabatire adali akutha, kalamba kankayenda mochedwa, ndiye ukakayendetsa pa liwiro loyenera zonse zimathamanga. Audacity ikhoza kubweza liwirolo, koma siingakuuze pamene pali poyenera. Manambala sadziwa agogo anga. Mayi anga adati iwo ndi mtengwa chabe, wodziwa liwu limenelo ndi mwana wake. Choncho ndidadikira mpaka azakhali, mlongo wa bambo anga, atabwera ku Blantyre kudzaonana ndi adokotala a maso.

Ndidawakhazika pa mpando, n'kuwaveka mahedifoni pamwamba pa duku. Ndidayamba kutsitsa liwiro pang'onopang'ono. Iwo adangoti duu, maso ali pa khoma. Kenaka adakweza dzanja.

“Ima pomwepo, mwanawe. Amayi ndi amenewo.”

Adamvera mpaka kumapeto osapukuta misozi. Atavula mahedifoni adandifunsa kuti ndikufuna kuchita nazo chiyani. Ndidawauza kuti abale athu a ku Johannesburg ndi ku Cape Town akhala akupempha kuti ndiwaponyere pa gulu la banja la WhatsApp.

“Nthanozo atumizire, za pamtondozo atumizire. Koma ziwiri zomalizazo ayi. Achimwene adatisiyira wailesi ikujambula, iwo n'kupita ku dimba. Ife tidatsala akazi okhaokha, ndiye amayi adayamba zolangizira namwali mochita kuseka. Zimene zija si za pa foni. Ngakhale iweyo wazimva chifukwa cha makina akowa basi.”

“Nanga ndizifufute, azakhali?”

“Ufufute amayi anga? Undiikire pa kanthu kanga kandekha. Adzukulu anga aakazi akadzakula adzamva kwa ine.”

Nkhani imeneyi ndakhala ndikuiganizira kwa zaka. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira 1992. Koma funso la azakhali lidali lakale kuposa malamulo onsewa: mawu awa adalankhulidwa kwa yani? Kale nyimbo inkatha pamene mpweya wa woimba wathera, ndipo amene sadaitanidwe sankaimva. Kaseti idatalikitsa moyo wa nyimboyo, koma idali imodzi, yotsekeredwa m'thiranki. Kompyuta ikaisandutsa manambala, kukopera sikuchepetsa kanthu, ndipo chala chimodzi chikhoza kuifikitsa kwa anthu chikwi dzuwa lisanalowe. Ife a zolembalemba timakonda kudzitcha osunga chikhalidwe, koma nthawi zina timangokhala ofulumira kuulutsa. Mwini makina sakhala mwini mawu. Ndidachita monga adanenera azakhali: abale adalandira gawo lawo, iwo adalandira fulashi yawo, imene amaimanga pa nsonga ya chitenje ngati ndalama ya chigayo.

Tisanamizanenso kuti zikalowa m'kompyuta ndiye kuti zapulumuka. Kaseti ya bambo anga idapirira zaka 21 m'thiranki. Ndi mafulashi angati amene mudagula zaka zisanu zapitazo omwe mukudziwa pamene ali lero? Ma CD owotcha pakhomo amasuwa, hadi disiki imafa magetsi akabwera mwaukali, foni imabedwa pa siteji. Odziwa za kusunga zakale amalangiza kujambula pa muyeso wa 48,000 kapena 96,000 ndi mabiti 24 ngati makina akulola, kusunga fayilo yoyamba ya WAV osaikhudza, ndi kukhala ndi makope atatu m'malo osiyana. MP3, imene akatswiri a Fraunhofer ku Germany adathandiza kupanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imafinya mphindi imodzi kufika pafupifupi megabaiti imodzi potaya zimene ikuganiza kuti khutu silingazisowe. Ndi yabwino potumizira abale, koma si nkhokwe. Chimodzimodzi batani lochotsa phokoso: ligwiritseni ntchito pa kope, ndiponso mosamala. Mukalikakamiza, liwu limamveka ngati la munthu ali pansi pa madzi, ndipo nkhuku, mbuzi ndi kugunda kwa munsi zimapita nalo limodzi, chonsecho zimenezo ndiwo mudzi umene mukufuna kusunga. Kaseti yeniyeniyo musaitaye.

Chomaliza ndi cholembera. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey adayenda m'dziko muno, likadali Nyasaland, ndi galimoto yodzaza makina, kujambula oimba a m'midzi. Zojambula zake zili ku International Library of African Music, imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo idasamukira ku Rhodes University mu 1978, mu mzinda umene tsopano ukutchedwa Makhanda ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Vienna adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967, ndipo chifukwa cha ntchito yake nyimbo zawo zidamveka kutali. Tikhoza kudandaula kuti mawu a makolo athu akusungidwa kunja, ndipo dandaulolo lili ndi malo ake. Koma anthu amenewa ankalemba dzina la woimba, malo ndi tsiku. Pa kaseti ya bambo anga padalembedwa mawu awiri okha, “Amayi, 1996”, ndipo zina zonse ndidachita kufunsa kwa azakhali: amene ankasinja nawo, ana amene ankayankha nthano, dzina la mtsinje umene agogo adautchula. Akadapanda kukhalapo iwo, theka la kasetiyo likadakhala phokoso lokoma lopanda mwini.

Tracey adafunika galimoto yathunthu. Ife tili ndi waya wa pa msika ndi kompyuta yakale imene ofesi ina idaitaya. M'mathiranki a dziko lino muli makaseti a maukwati, a makwaya a mipingo, a makalata apakamwa ochokera ku Harare ndi ku Joni, ndipo mawailesi otha kuwaliza akuchepa chaka ndi chaka chifukwa amisiri ake akukalamba ndipo malamba ake akusowa. Amene angazindikire mawu ali m'katimo nawonso akukalamba. Ngati kwanu kuli kaseti yotere, yambani mwapeza munthu amene angakweze dzanja n'kunena kuti ima pomwepo, ndipo mumufunse zimene zili zoyenera kumvedwa ndi onse. Mukatero, kafuneni waya.